Dzanja la a Singano ndi Mbewa Yotsiriza

Mu labu imeneyo, chipinda chofufuzira za sayansi cha pa yunivesite, munali lamulo limodzi losalembedwa pakhoma lililonse, koma ngakhale mlonda wa pageti ankalidziwa: maselo amatsuka ndi a Singano. Kudula, dula wekha. Kusakaniza mankhwala, sakaniza wekha mpaka msana uume. Koma ikakwana nthawi yotsuka, unkanyamula mbale yako ndi manja awiri n'kukaima kumbuyo kwa mpando wawo ngati mwana wodikira kumetedwa.

Dzinalo silinali lakwawo ayi. Anawapatsa ndi ophunzira akalekale, poona mmene dzanja lawo linkatsikira m'kadzenje ka mbale osagwedeza ngakhale dontho. Choseketsa n'chakuti telala weniweni anali mkazi wawo, amene ankasoka madiresi pakhonde kunyumba, koma dzina la singano linapita kwa mwamuna wosatha ngakhale kusokerera batani. Mayiwo akapsa mtima ankangoti, "Singano yanji yosalowa ulusi?"

Ntchito yake ndikufotokozereni, musaope, si yaufiti. M'matumbo mwathumu muli timaselo tochepa tomwe timalawa chakudya chikamadutsa. Tikamva shuga timatulutsa homoni, kamthenga kothamanga m'magazi kukauza kapamba kuti atulutse insulini, n'kukauzanso mutu kuti basi, wakhuta. Anthu a mu labuyi ankafuna kudziwa chimene chimatsegula pakamwa pa timaselo timeneti, poganiza kuti mwina tsiku lina zidzathandiza odwala shuga. Matumbo a munthu sungangotenga, ndiye ankagwiritsa ntchito a mbewa. Umawadula tizidutswa, kuwasungunula pang'onopang'ono mpaka maselo atayana, n'kuwafesa m'mbale yapulasitiki yokhala ndi timaenje m'mizere inayi, pansi pake utapakapo jeli. Mbaleyo imagona m'kabati yofunda imene onse ankaitcha Thadzi, poti ntchito yake n'kufungatira. Kukacha maselo amakhala atagwira pansi. Pamenepo umachotsa madzi akale, kutsuka, n'kuthira madzi atsopano: mumzere uliwonse timaenje tina ta shuga, tina topanda. Pomaliza umayeza kuti homoni yatuluka yochuluka bwanji.

Vuto lili pakutsukapo. Timaseloti timagwira jeli ndi mphamvu ya khanda. Madzi ukawathira mwaphuma, kapena nsonga ya paipeti, kachubu kokokera ndi kudonthezera madzi, ikangokanda pansi, timang'ambika n'kukhuthula homoni yonse, shuga alipo kaya palibe. Ukayeza, timaenje tonse timafuula chimodzimodzi, ndipo iwe sudziwa kalikonse. Mbewa yafa chabe.

Ndipotu mbewa zinali zitafa chabe, zitatu zotsatizana.

Zinali mbewa za Kamphepo, mayi wa mwana mmodzi amene ankamaliza digiri yake yaikulu. Dzinalo anam'patsa chifukwa akadutsa m'khonde mapepala ankauluka pamatebulo. Mbewa zake sizinali mbewa wamba. Zinachokera kutali pandege, ndipo timaselo tawo ta homoni tinkawala mobiriwira ukatiyang'ana pa maikulosikopu. Yamphongo yomaliza itafa, mtundu unaima pomwepo. Tsopano inatsala yaikazi imodzi yokha, yakuda, yonenepa, imene anaitcha Namasiye. Kuitanitsa zina kukanatenga chaka ndi kanthu, pomwe nthawi ya Kamphepo pasukulupo inkatha chaka chomwecho. Namasiye akapita pachabe, zaka zonse za mayiyo zipita naye limodzi.

A Singano mayankho anali nawo, eee, thumba lodzaza. Mbewa yoyamba itapita, anati ndi madzi; makina osefera madzi anasinthidwa. Yachiwiri itapita, anati ndi amisiri amene ankaboola khoma kuseri, akugwedeza matebulo; amisiriwo anapemphedwa kuti azipuma m'mawa. Yachitatu itapita, panalibenso madzi kapena mmisiri woti n'kumuloza chala, ndipo m'pamene anachita chinthu chonyansa. A Pulofesa, mkulu wa labuyo, atawafunsa pakhomo la ofesi, iwo anakanda m'mutu n'kunena motsitsa mawu kuti mwina mtsikanayu amasungunula matumbo mopitirira, maselo amawapeza atatopa kale. Anangoti mwina. Koma mwina wa a Singano mu labu muja anali chigamulo, ndipo masana ake Kamphepo anatuluka m'chipinda chozizira maso ali psuu, n'kumanamizira kuzizira.

Choona ankachidziwa iwo okha, kapena tinene kuti ankaganiza choncho. Dzanja lamanja linali litayamba kuwapandukira. Likakhala pabondo linkagona phee ngati mphaka. Koma ungolituma kantchito kakang'ono, kulowetsa kiyi, kunyamula kapu yodzaza, kutsitsa paipeti, linkayamba kunjenjemera, ndipo ukamalikalipira m'pamene linkavina zenizeni. Choncho ankaliyendetsa m'thumba la jekete yoyera, ngati munthu wobisa mwala.

M'mawa wa tsiku la Namasiye, a Singano mpando unkawawotcha. Analowa m'chipinda cha mbewa n'kupeza khola lili pululu, Kamphepo atatenga kale. Anatuluka. Anakatsegula firiji, n'kuiwala chimene amafuna. Anakayang'ana nambala za pa Thadzi, zinali bwinobwino. Anabwereranso kukaziyang'ana ngati zingasinthe chifukwa chowaopa. Anakalipira wophunzira wina chifukwa chosiya botolo losatseka, kenaka n'kuzindikira kuti analitsegula okha.

"Bambo, mukundichititsa chizungulire," anatero Kamphepo osadzutsa mutu. Anali pa kabati yagalasi ya mphepo yoyera, akugwedeza kachubu ka matumbo. "Khalani pansi, kutsuka ndi mawa."

"Ndikuona ngati ukusungunula bwino."

"Ndachepetsa nthawi monga munanenera." Kenako anadzutsa mutu. "Bambo, ndimati ndipemphe. Bwanji madzulo ano mundionetseko katsukidwe, ndiyesere pa mbale yopanda kanthu? Kungoti ndidziweko basi."

A Singano anamutembenukira. Mantha akavala jekete yoyera amatuluka ngati ukali.

"Udziweko? Ndiye kuti ine ndafa? Anthu anatenga madigiri awo muno iwe usanamere mano, onse mbale zawo zinadutsa m'dzanja ili. Iwe chita zako, zanga undisiyire."

"Pepani, bambo."

"Pepani sakonza maselo."

Anatuluka akudziwa kuti alankhula zopusa. Anakalowa m'stolo, mosungira makatoni a magolovesi, n'kukhoma chitseko. Anatenga mbale yakale, paipeti ndi madzi. Anayesa atatsamiza chigongono pathaulo. Anayesa dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Anayesa atagwira mpweya mpaka m'maso munachita mdima. Dontho linkalendewera kunsonga n'kumavina ngati ndolo pakhutu la munthu wothamanga. Anayesanso ndi lamanzere lokha, koma ilo linali mbuli, silinaphunzirepo kanthu chibadwire. Kamodzi zinatheka. Kamodzi kokha dontho linatsika bwinobwino, ndipo a Singano anakagwira kamodziko ngati munthu womira wagwira udzu. Mwaona? Ndi kutopa chabe. Ndikagona bwino, mawa lidzamvera.

Pobwerera kunyumba anatsika basi malo olakwika mwadala, n'kuyenda wapansi. Anadutsa pa ometa tsitsi, pa ogulitsa nsapato zakale, pa wokonza mawotchi amene anali atawerama ndi kagalasi kudiso, zala zake zili nji pa kasipuling'i. Anamuyang'ana nthawi yaitali mpaka munthuyo anafunsa ngati ali ndi wotchi yoti akonze. Anangopitirira ulendo.

Anapeza mkazi wawo akupinda nsalu pakhonde, dzuwa lisanalowe. Mayiwo anawalandira chikwama, n'kuwathirira tiyi. Kapu inafika patheka.

Tsiku lina lililonse akanamwa mwakachetechete. Koma tsikulo ankafuna munthu wokangana naye.

"Kodi ketulo ya muno inabooka? Masiku onsewa tiyi watheka, watheka. Ndine mwana ine?"

Mayiwo anaika ketulo patebulo, chogwirira chitaloza kwa amuna awo.

"Dzazani nokha, abambo."

A Singano anayang'ana ketuloyo. Ketulo nayo inawayang'ana. Dzanja linakhalabe m'thumba.

"Ndatopa," anatero.

"Mwatopa, eti? Tayang'anani malaya mwavalawo."

"Atani malayawa?"

"Mabatani akewo ndi amene munagula nawo?"

Anaweramitsa mutu. Mabatani anali aakulu, okhuthala, mabowo ake otambasuka bwino. Anakumbukira malaya abuluu, oyera aja, ngakhale jekete ya ku labu imene ankabwera nayo kudzachapitsa. Onse anali choncho. Iwo ankangoti m'mawa zala zayamba kumvera.

"Ndinayamba kusintha nthawi yozizira ija," anatero mayiwo, akukhala pampando wa makina osokera. "Ndinkakumvani kuchipinda mukulimbana ndi kolala, mukutukwana pansipansi. Ndinati mwamuna wanga ndi wamkulu, anena yekha. Ndadikira, ndadikira, mabatani aakulu atha m'chitini. Mukufuna ndiyambe kukusokerani zipi?"

"Si nkhani yoseka, mayi."

"Ndani akuseka? Ine ndikulira, kungoti misozi yanga imatulukira m'kamwa."

A Singano anaimirira, anafika pampanda, anabwerera, anakhalanso. Manyazi anawagwira, komanso mkwiyo, komanso kampumulo kena kochititsa manyazi koposa.

"Inu simukudziwa," anatero. "Mu labu muja ine ndilibe digiri ya ana amenewa. Ndilibe ofesi. Chimene ndili nacho ndi dzanja ili. Ndikanena kuti lapita, ndine ndani? Nkhalamba yotsuka mabotolo?"

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna, abambo."

"Mawa lokha. Nditsuke mbale ya mawa, kenako ndipita kuchipatala. Ndikulonjeza."

"Mawalo ndi lanu? Si la mwana wa eni ake uja, amene munati watsala ndi mbewa imodzi?" Mayiwo analowetsa ulusi m'singano kamodzi n'kamodzi, osayang'ana n'komwe. "Ine nsalu ya kasitomala ndikaona kuti maso sakuona bwino, sindidula. Yanga ndingadule. Ya mwiniwake ayi."

A Singano anamwa tiyi wathekayo ndi manja awiri.

Kutacha anafika ku labu ali ndi mtima umodzi: atsuka. Anali atagona mokwanira, tiyi wam'mawa anamukana, ndipo m'basi dzanja linali phee. Kamphepo anali atafika kale. Anawaitana pa maikulosikopu, nkhope ikuwala koyamba m'miyezi yambiri.

"Bambo, taonani."

Anasuzumira. Mayo ine, kukongola kwake! Maselo anali atayala pansi ngati timinda, ndipo apa ndi apo kaselo kobiriwira kali ngwee, kamodzi pakati pa anzake mazana. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchitoyi, mbale yoposa imeneyo anali asanaione. Mtsikanayu sankasungunula mopitirira, ndipo sanayambe wateropo.

"Zili bwino," anatero mouma. "Bweretsa."

Anakhala pampando wawo, pa kabati yagalasi. Anavala magolovesi. Kamphepo anabwera ndi mbale m'manja awiri, anaiika, n'kuima kumbuyo monga mwa lamulo. Ophunzira ena awiri anasiya zawo kuti aonere, poti kutsuka kwa a Singano anthu ankakuonera ngati mpira.

Anapendeketsa mbale. Anatsitsa paipeti m'kadzenje koyamba.

Tiki. Tiki-tiki-tiki.

Inali nsonga ikugogoda khoma la kadzenje. Kaphokoso kochepa kwambiri, koti fani ya kabatiyo ikanakameza, koma iwo anakamva ngati belu. Anakanikiza chigongono. Madzi anatuluka mothamanga, osati motsetsereka. Anapita pa kadzenje kachiwiri. Tiki-tiki. Kachitatu nsonga inakanda pansi, ndipo anaona ndi maso awo kautsi koyera kakuyandama m'madzi, maselo atazuka. Ingomaliza, anadziuza, ingomaliza, enawo akhala bwino. Anakankha choncho mpaka mzere woyamba unatha.

Akusintha nsonga kuti ayambe mzere wachiwiri, anadzutsa maso. M'galasi la kabatiyo munkaoneka chithunzi cha amene anali kumbuyo. Ophunzira awiri aja anali atabwerera kumatebulo awo, aliyense akuyang'anitsitsa botolo ngati muli nkhani. Kamphepo sankayang'ana mbale. Ankayang'ana kudenga, milomo italumana, misozi ikutsika yokha mpaka m'kolala, koma ataima chilili pamalo pake, manja kumbuyo.

Ankadziwa. Mwana uyu ankadziwa, ndipo anabweretsabe mbale yake yomaliza ndi manja awiri.

A Singano anaika paipeti pansi. Anavundikira mbale.

"Kaibweze mu Thadzi, isazizidwe."

"Bambo?"

"Kaibweze, ubwere."

Atabwera, iwo anali atatembenuza mpando. Dzanja analiika patebulo poyera, n'kulituma kuti litole kansonga ka paipeti. Linavina pamaso pa onse.

"Unadziwa liti?"

Kamphepo anapukuta nkhope ndi mkono. "Pa mbewa yachiwiri. Ndinamva kugogoda."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Ndikananena bwanji, bambo? Kwa inu? Ndinayesa dzulo, munandikalipira."

"Ndipo pamene ndinakunamizira kwa a Pulofesa?"

"Ndinalira basi."

A Singano akanakonda mtsikanayo akanawatukwana, kapena kuwaponyera botolo. Ulemu umenewu unawapweteka kuposa mbama.

"Vala magolovesi atsopano," anatero. "Khala apa."

"Ine? Bambo, sindinatsukepo chibadwire! Muno palibe anatsukapo."

"Umenewo ndi mlandu wanga, tidzaukamba. Panopa maselo akudikira. Iwe," anakodola mmodzi wa ophunzira aja, "m'kabati yanga pansi muli kachitini ka paudala wa ana. Thamanga. Ubweretsenso mbale yopanda kanthu."

Anthu anayang'anana. Paudala wa ana? Kachitiniko ankakaona zaka zonse, n'kumaganiza kuti mdalayo ali ndi vuto la mapazi.

Anauza Kamphepo kuti awaze paudala pang'ono pansi pa kadzenje kalikonse ka mbale yopanda kanthuyo, n'kunyowetsa kuti agwire.

"Ndi mmene ndinadziphunzitsira ine, kalekale, anthu onse ataweruka. Sindinauzepo munthu. Uthire madzi, uwachotse, koma paudalayo asasunthe. Akachita mtambo, wapha maselo."

Kadzenje koyamba kanachita mtambo. Kachiwiri chimodzimodzi.

"Ukuthamangira kuti? Pano si m'khonde. Pendeketsa mbale. Ayi, kwambiri, mpaka madzi asonkhane pakona. Nsonga igunde khoma, osati pansi, ndipo ikagunda ikhale pomwepo ngati yamera. Tsopano usakankhe. Tulutsa mpweya, chala chitsike pamodzi ndi mpweyawo. Dontho litsetsereke lokha ngati thukuta pakhosi."

Mtambo.

"Bambo, sindingathe. Manja anga akunjenjemera."

"Ako akunjenjemera ndi mantha, amenewo amatha. Bwereza."

Iwo sanathe kukhala. Ankazungulira kumbuyo kwake, uku n'kupita kukayang'ana Thadzi, uku n'kubwerera, dzanja likutuluka m'thumba lokha kufuna kulanda paipeti, iwo n'kulibweza. Ankalankhula zinthu zimene sankadziwa kuti amazidziwa m'mawu: kuti phewa likhale lomasuka, kuti usayang'ane nsonga koma mzere wa madzi, kuti dontho lomaliza ulisiye m'paipeti chifukwa ndi limene limabwera ndi thovu. Zaka zonsezi nzeruzo zinkakhala m'dzanja. Tsopano zinkatuluka pakamwa ngati anthu othawa m'nyumba yoyaka.

Chakumapeto kwa mbale yoyesererayo, madzi analowa, anatuluka, ndipo paudala anakhala pansi phee, woyera ngati sanakhudzidwe. Kenako kadzenje kena. Kenako kena.

"Basi. Katenge ya Namasiye."

"Ndiyeserenso mbale ina imodzi."

"Maselo sadikira digiri. Katenge."

Kamphepo, amene sankatha kuyenda pang'onopang'ono ngakhale pamaliro, anatsuka mizere itatu yotsalayo ngati nkhono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsikulo anawaona. Pakadzenje kamodzi nsonga inaterereka n'kukanda, anafuula kuti "Mayo!" n'kufuna kuimirira.

"Kasiye, kafa kafa. Pita kotsatira. Mpweya."

Anapita kotsatira. Labu yonse inali zii, kungomveka fani ndi nsapato za a Singano. Kamphepo atamaliza kuthira madzi a shuga ndi opanda shuga, mumzere woyamba uja momwemo, anabweza mbale mu Thadzi n'kukhala pansi penipeni, pasimenti.

Kuyeza kunachitika tsiku lotsatira. Madzi a m'kadzenje kalikonse amawasamutsira m'mbale ina yoyezera, mwa dongosolo lomwelo, n'kuthiramo mankhwala osintha mtundu: homoni ikachuluka, madzi amachita chikasu chakupsa, ikachepa, amangoti mbuu. Makina amawerenga pambuyo pake, koma maso amayamba kuona. A Singano m'mawa wonsewo anali asanakhale pansi. Anapukuta tebulo loyera kale. Anasanja makatoni m'stolo, n'kuwasanjulanso. Mkazi wawo anali atanena kuti masana adzawadikira pageti, apite limodzi kuchipatala, ndipo iwo ankayang'ana pawindo kawirikawiri ngati kuti angabwere msanga kudzawagwira.

"Bambo!" Mawu a Kamphepo anang'ambika. "Bambo, bwerani!"

Mbale inali pa pepala loyera. Mizere itatu yapansi inkalankhula momveka ngati mwana wophunzitsidwa bwino: kopanda shuga mbuu, kwa shuga chikasu, mbuu, chikasu, kupatula kadzenje kamodzi kokandidwa kaja. Chinthu chimene mayiyo anachisaka zaka zonsezi chinali pamenepo, choonekera ngakhale kwa mlonda wa pageti. Analumpha, anakumbatira mnzake, anagwetsa mpando, analira, anaseka.

A Singano ankayang'ana mzere wapamwamba. Unali chikasu chokhachokha kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, shuga alipo kaya palibe, ndendende mbale zitatu zija. Anasangalala, zoona anasangalala. Koma chisangalalo chomwecho ndi chimene chinawaweruza. Sanali madzi. Sanali amisiri. Sanali mtsikanayu.

Kamphepo anaona kumene maso awo anali, ndipo anasiya kuseka. Anaphimba mzerewo ndi chikhatho.

"Uwu tingoti unatayika, bambo. Itatuyi ikukwana. Palibe adzafunse."

"Chotsa dzanja."

"Bambo..."

"Chotsa. Uijambule yonse mmene ililimu." Anatenga mbaleyo okha, ndi manja awiri, madzi akugwedezeka m'timaenje, n'kuyenda nayo m'khonde mpaka ku ofesi ya a Pulofesa. Chitseko anachisiya chotsegula. Amene anali pafupi anamva mawu awo, osatsitsa ngati tsiku lija: "Mzere uwu ndi wanga. Itatuyi ndi ya mwanayu. Mbewa zitatu zija ndinapha ndine, ndipo ndinamunamizira."

Zimene a Pulofesa anayankha sizinamveke, poti iwo ndiwo anadzuka n'kutseka chitseko.

Atabwerera, anakhala pampando wawo, mwina chifukwa miyendo inangowafikitsa pamenepo. Pawindo anaona mkazi wawo ataima pageti ndi ambulera ya dzuwa, akucheza ndi mlonda. Akuti adzuke, anamva munthu kumbuyo. Anali wophunzira wa chipinda china, amene nkhaniyi inali isanam'fike, ataima mwaulemu ndi mbale yake m'manja awiri.

"A Singano, munganditsukireko?"

Dzanja linatuluka lokha m'thumba kukalandira, monga linkachitira zaka zonse. Linafika pakati n'kuyamba kuvina. Wophunzirayo analiyang'ana, kenako anayang'ana kumbali. A Singano sanalibweze. Analitembenuza, likunjenjemera choncho, n'kuloza tsidya lina la chipinda.

"Pita kwa mayi awo. Ukawauze akuonetse za paudala, utsuke wekha."

Wophunzirayo anapita. Kumbuyo kwa mpando kunatsala kopanda munthu. Anakhalabe pang'ono, akumva Kamphepo kutsidyako akuti, "Pendeketsa mbale. Ayi, kwambiri. Ukuthamangira kuti?"

Kenako anaimirira n'kuyamba kuvula jekete yoyera ija. Mabatani ake anamasuka mosavuta.